Galu Amene Apongozi Anamukana

Apongozi aamuna a make Kachala anagwira ulonda zaka makumi atatu. Anatulukako ndi chikhoti chofika m'akakolo, bondo lolira kukazizira, komanso mtima woti aliyense wogogoda pageti ndi wakuba basi, kaya wanyamula Baibulo.

Atapuma anayamba kuweta agalu olondera. Kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi mpanda, anamanga makola anayi a njerwa opanda zenera. Anthu a m'mipanda italiitali ankabwera pa galimoto kudzagula. Msewu wonse unkawatcha Abwana Agalu, iwo n'kumayankha ndithu.

Make Kachala anakwatiwa ndi mwana wawo wachiwiri, woyendetsa lole, amene pamwezi ankagona pakhomo masiku atatu. Masiku ena onsewo pakhomopo pankatsala iyeyo, apongozi, agalu, ndi mwana wake wamkazi wongoyamba kumene kuyenda. Mwanayo ankamutcha Kachala chifukwa chopisa chala paliponse: m'soketi, m'botolo, ngakhale m'mphuno mwa agogo ake akagona pampando.

Make Kachala ankaona zambiri pochapa. Galu akangosiya kuyamwa, apongozi ankamutsekera mumdima. Palibe wina wololedwa kumupatsa chakudya kapena kumulankhula. Masiku ena ankamumana dala. Kenako ankavala thumba kumutu, n'kulowa ndi chikwapu; akatuluka ankavula thumbalo, n'kubwerera ndi mbale ya mafupa akuimba mluzu. Galu ankakula akudziwa kuti dziko lonse ndi adani, wabwino ndi mmodzi yekha.

"Bambo, sakumva kuwawa ameneyo?" anafunsapo tsiku lina.

"Galu sabadwa wolusa, mayi, amachita kupangidwa," anatero apongozi akupukuta thukuta. "Zimenezi kusukulu kwanu kuja sanakuphunzitseni. Munkangowerenga za mapiri a kunja."

Pa onse amene anapanga, amene ankamunyadira anali wakuda, wa mutu ngati ndowa. Anagulidwa ndi mwini sitolo ya matayala. Sabata isanathe galimoto inabweranso. Galuyo anali atang'amba mkono wa mayi wochapa zovala kunyumbako, ndipo wogulayo sanatsike n'komwe. Anangotsitsa galasi n'kunena kuti, "Tengani chilombo chanuchi."

Kuyambira pamenepo make Kachala anayamba kuona zosintha. Dzanja la apongozi linamangidwa bandeji. Ati linali lata. Koma lata siliboola mabowo awiri oyang'anizana. Mluzu uja unatha. Chakudya ankachikankhira pansi pa chitseko ndi fosholo, ataima patali. Loko wa khola la galuyo, lachinayi, anali atagwedera, ndipo m'malo mogula wina anangokulunga waya. Pansi pa chitseko panali mpata wokwana dzanja la mwana, ndipo Kachala anali atauona kale mpatawo.

Make Kachala anayamba kuchita chilichonse mwana ali kumsana, ngakhale posamba. Anaimbira mwamuna wake.

"Iwe, bambo anayamba agalu usanadziwe kumanga nsalu," anatero mwamunayo injini ikulira kumbuyo. "Ukuopa chiyani? Galu ali m'khola."

"M'khola la waya."

"Ndikabwera ndidzaona."

Mmawa wina kuseri kunali zii. Khola lachinayi linali pululu, apongozi akutsukamo ndi madzi ambiri ngati akufuna kuchotsa ndi fungo lomwe.

"Wapita kuti, bambo?"

"Ndagulitsa."

"Kwa ndani?"

"Mwalowa liti upolisi, mayi? Mutiuze tikusokereni yunifolomu." Anaseka, n'kutsina tsaya la Kachala. "Akazanga aang'onowa tsopano atha kutsika. Msana wa amayi anu wapuma."

Make Kachala sanamutsitse. Galu wogulitsidwa amapita ndi tcheni chake, koma tchenicho chinali pamsomali. Posesa anapeza kapepala ka mapilisi ogonetsa amene apongozi analandira kuchipatala, onse atabooledwa. Pochapa buluku lawo anapeza chisoso chitamatirira mpaka m'mawondo, pamene mumsewu wawo udzu sumera. Ndipo mnzawo wa galimoto yonyamula mchenga, amene sadutsa osapempha madzi akumwa, tsikulo anadutsa akuyang'ana kumbali.

Sanagulitse ayi. Anamugonetsa, n'kukamutaya kutchire, kuti akadzuka akhale vuto la anthu ena.

Mbiri inayamba kufika ndi ogulitsa makala. Cha ku mlatho galu wakuda wapha mbuzi. Mawa lake, wathamangitsa ana ochokera kusukulu, wina wathyoka dzino pogwa. Malo otchulidwawo ankayandikira tsiku ndi tsiku. Apongozi akamva ankangokweza wailesi.

Tsiku lachisanu, dzuwa lili paliwombo, kunja kunamveka phokoso. Make Kachala anasuzumira pa kabowo ka geti. Galu uja anali atagona pomwepo, mphuno itagunda chitsulo. Nthiti zinkawerengeka, mapazi ali magazi. Chapatali panaima anthu ndi miyala, kalipentala wa pakona ali patsogolo ndi thabwa m'manja.

"Abwana Agalu, tulukani mudzatenge mwana wanu," anaitana kalipentala. "Wabwera kudzapereka moni."

Apongozi anayankhira pawindo, katani atangoitsegula pang'ono. "Ameneyo sindikumudziwa. Agalu akuda ndi ambiri. Mukamupha muphe, ine musandilowetsemo."

Atangomva mawuwo galu anadzutsa mutu. Mchira unayamba kumenya pansi, phi, phi, phi, fumbi n'kumakwera.

Make Kachala anali asanayankhepo apongozi pagulu chikwatiwire. Koma miyala ikayamba, galu wovulala athawira kuti? Mpanda wa kumbuyo unali waufupi, ndipo galuyo ankaudziwa.

"Ndi wawo," anatero mokweza kuti a kunja amve. "Anamulera okha, ine ndikuona. Bambo, tcheni chili pamsomali paja. Amene angamumange ndinu nokha."

Apongozi anatuluka nkhope itagwa. "Mukundivula pamaso pa anthu, mayi? M'nyumba mwanga?"

"Mdzukulu wanu ndi uyu ali kumsanayu."

Apongozi anapita pamsomali paja. Anatenga tcheni ndi dzanja la bandeji lija. Anatsegula geti pang'ono. Anayesa kuimba mluzu, koma panangotuluka mpweya. Galu anakwawa ndi mimba, nadzagoneka mutu pa nsapato yawo. Anamumanga osavuta konse.

"Mwaona?" anatero apongozi kwa anthu aja, mawu atabwerera mwakale. "Wofatsa ngati nkhosa. Mumangoopa zilizonse."

Anamukokera kuseri. Make Kachala anatchera khutu. Anamva chitseko chachitsulo, kenako waya uja akukulungidwanso.

Analowa m'chipinda, naponya m'chikwama matewera, buku la sikelo ndi madiresi awiri. Apongozi anamupeza pakhonde.

"Ulendo wa kuti? Galu ndamanga."

"Kwa achemwali. Mwana wanu akabwera akatipeze kumeneko."

"Chifukwa cha galu?"

Make Kachala anatseka chikwama. Anakweza mwana, namanganso nsalu mfundo ziwiri. Potuluka anakoka geti mpaka linalira, n'kuligwedeza kuti atsimikize.