Bakayawo wa Patebulo

Ndinaganiza zochoka ku Muloza chaka chimene bambo a Tadala anamwalira. Tadala, mwana wanga yekhayo, anali asanayambe n'sukulu yomwe. Ndinamusiya m'manja mwa achemwali anga, a Esinati, n'kumuuza kuti ndibwera chimanga chikacha. Chimanga chinacha kambirimbiri ine ndili ku Woolwich, mumzinda wa London.

Ntchito yanga ndi yosamalira nkhalamba m'nyumba zawo: kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza. Msana unayamba kalekale kudandaula, koma lendi ya ku London siimva za msana. Zotsala ndimatumiza kumudzi. Chakudya ndimadya choimirira, mwinanso m'basi. Lamlungu tikaimbirana foni ine ndinkati ndili bwino, iwonso ankati ali bwino, tonse tikunamizana mwaulemu.

Chaka china ndinalonjeza Tadala kuti mu Ogasiti ndifika ndithu. Ndiye ana a gogo wina wachizungu amene ndinkamusamalira anati mwezi womwewo akupita naye ku Algarve, kunyanja ku Portugal, ndipo ine ndipite nawo. Kukana kunali kutaya ntchito. Mnzanga wogona naye nyumba imodzi anangoseka: "Iwe, free holiday imeneyo! Ukadye za azungu, usakatichititse manyazi."

Holide yake inali yokankha gogo panjinga ya olumala padzuwa. Koma tsiku lina tinakadya kulesitilanti yoyang'anana ndi nyanja. Anabweretsa buledi, nkhuku ya piripiri, tinsomba towotcha pamakala. Ine anandiikira nsomba yoyera yosakaniza ndi kachewere, anyezi ndi mazira, mafuta ali noninoni. Nditalawa ndinaizindikira. Bakayawo! Nsomba youma yamchere ija timagula kwa anzathu a ku Mozambique, ija timadya ndiwo zikavuta. Kuno anali ataiviika mpaka kufewa, n'kuiveka suti. Ndinaseka mpaka misozi. Sindibisa, ndinadya mokoma, nditakhala pansi, munthu akundifunsa ngati ndikufuna zina. Mwana wa gogo anandijambula, njinga ija osaoneka, ine n'kutumiza chithunzicho kumudzi.

Kuyambira pamenepo Tadala anasiya kubwera pafoni. "Wapita kumjigo," achemwali ankatero, chonsecho mvula ikumveka pamalata. Ndinadziwa kuti mwana waona mayi ake akusankha nyanja ya azungu kusiya iye. Ndinkagwira ntchito mtima uli m'mwamba, poopa kuti ndamutaya.

Chaka chotsatira ndinapita. Ndinapeza Tadala ali namwali, wamtali kundiposa. Anagwada chapatali, nati, "Mwayenda bwanji?" Ine ndinkafuna andithamangire.

Masana anandilowetsa m'nyumba. Anali atabwereka tebulo kwa aphunzitsi, atayalapo nsalu, foloko ndi mpeni zili pambali. Achemwali anandinong'oneza kuti waphika yekha, wakana thandizo. Tadala anandithira madzi m'manja n'kuvundukula mbale. Munali bakayawo ndi kachewere.

"Khala tidye, mwanangu."

"Ife tidyera kuseri, amayi."

"Unakwiya nane chifukwa cha chithunzi chija?"

Anayang'ana pansi. "Poyamba ndinakwiya. Koma ndinali ndisanakuonenipo mukuseka chonchija. Pafoni mumangooneka otopa. Ndiye ndinati mukabwera ndikukonzereni ngati kumeneko, mwina museka kunonso."

Anatuluka n'kutseka chitseko pang'onopang'ono, monga tichitira kuti mlendo adye momasuka. Ndinatsala ndekha ndi foloko. Kuseri kunkamveka phokoso la mbale ndi kuseka kwa ana a achemwali.

Nsombayo inali yowawa mchere. Mwana sanaiviike mokwanira, ndipo woyenera kumuphunzitsa anali ku Woolwich, akutembenuza amayi a eni. Chinandipweteka n'chimenecho, osati mcherewo. Ndinanyamula mbale yanga kupita kuseri kuti tikadyere pamodzi. Atangondiona, kuseka kunatha. Onse anadzuka pamphasa, Tadala n'kuthamangira m'nyumba kukanditengera mpando.