Mkaka wa Teni Koloko

Ndinafika ku Kafue ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, wamantha ngati nkhuku yachilendo. Kwathu ndi ku Machinga. Ndinkaphunzira za makemikolo pakoleji ina ku Lusaka, ndipo lamulo la sukuluyo linali lakuti aliyense akagwire ntchito miyezi itatu kufakitale, abwereko ndi kalata ya kapitawo. Popanda kalatayo panalibe satifiketi, ndipo ine mlendo ndikanangopakira chikwama kubwerera kwathu chimanjamanja. Ananditumiza kufakitale ya nsalu, kuchipinda chonyika utoto.

Chipindacho chinali ng'anjo. Nthunzi inkatuluka m'migolo yowira, fungo lake loboola mphuno, ndipo pansi pankayenda ngalande ya madzi osintha mtundu malinga ndi nsalu ya tsikulo. Ikakwana teni koloko belu linkalira, n'kubwera kireti ya mabotolo a mkaka. Aliyense ankatenga lake n'kumwa pomwepo, kapitawo ali chilili kuyang'ana. Ankati mkaka umatsuka poizoni wa utoto pachifuwa. Kapitawoyo anali bambo wa ku Petauke, wamfupi, wosaseka wamba, amene anayamba wagwira ntchito kunjanji. Anzanga anandinong'oneza chimene chinamuumitsa mtima pankhani ya mkakayi. Wantchito wake wina ankabisa botolo kukapatsa ana kunyumba, kenako anayamba kulavula malovu obiriwira, nabwerera kumudzi kukafa.

Mkakawo ndinaumwa bwinobwino milungu isanu. Kenako mwezi unaoneka, Ramadhani n'kuyamba, ndipo chaka chimenecho inagwera nyengo yotentha mvula isanagwe.

Kufakitale kunalibe amene ankadziwa kuti ndine Msilamu. Kusukulu ya mishoni kumene ndinaphunzira ndinatopa n'kusekedwa, mpaka ndinazolowera kubisa kofia m'thumba. Ponyamuka bambo anga anandiuza kuti kwa eni kulibe mkuwe, ndipo ine mawuwo ndinawameza onse ndi minga yomwe. Ndinkaganiza kuti Mmalawi wokana lamulo la fakitale amubweza ku Lusaka tsiku lomwelo. Kufunsa sindinafunse aliyense. Uchitsiru umenewu ndi wanga ndekha, sindingaukankhire munthu.

Ndiye ndinapeza nzeru, kapena ndinene kuti ndinkaiyesa nzeru. Belu likalira ndinkatenga botolo, n'kuligunditsa pamilomo yotseka, n'kumayenda pang'onopang'ono ngati ndikukaona geji kuseri kwa makina. Kumeneko ndinkakhuthulira mkaka wonse m'ngalande, n'kubwerako ndikupukuta pakamwa.

Mantha anandizinga mbali zonse. Ndikamwa, ndaswa swaumu, kusala kumene ndinali ndisanaswepo chiyambire ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndikapanda kumwa, poizoni akundidya m'kati. Mlungu wachiwiri wa kusalako ndinayamba kutsokomola. Mwina linali fumbi chabe ndi kukhosi kouma, koma ine ndinkapita kuchimbudzi kukalavulira pachikhatho n'kumayang'ana mtundu wa malovu pawindo. Tsiku lina ndinaona ngati abiriwira, kenako ndinazindikira kuti ndi utoto wa m'manja mwanga momwe. Masana ludzu likafika pachimake mutu unkazungulira, ndipo pokwera makwerero a pamwamba pa mgolo wowira ndinkagwira chitsulo ndi manja onse awiri, ndikupemphera chamumtima kuti ndisagweremo.

Ndinagwidwa tsiku lachinayi la mlungu wachitatu... ayi, ndisaname, masiku sindiwakumbuka bwino, koma tinali titadutsa theka la mwezi. Tsikulo tinkanyika nsalu yakuda ya mayunifolomu. Ndinathira mkaka wanga monga mwa masiku onse, osaganiza kuti madzi a m'ngalande ndi akuda bii. Mzere woyera unayenda poyera, n'kukadutsa pafupi ndi magambutsi a kapitawo. Iye anayang'ana pansi, n'kuutsata mzerewo mpaka kuseri kwa makina, kumene anandipeza botolo lili chozondoka m'manja.

Sanakalipe. Anandigwira pamkono, n'kundikokera pakati pa anthu onse, natenga botolo lake lomwe n'kulitsegula.

"Iwe mwaice," anatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni, "ufuna kunifela muno? Nimvela mwamene ukosomola. Imwa."

Botololo sindinalilandire.

"Imwa apa pamene niona. Ukakana, vula ovolosi uyende. Kalata sinizalemba, sinilembela chitumbi, muntu wakufa."

Anthu makumi awiri ankationerera, makina akulira. Mawu anali pakamwa penipeni: bwana, ndikusala. Mawu awiri okha. Koma ndinaona basi ya ku Lusaka, ndinaona bambo anga akundilandira pakhomo ndilibe pepala, ndipo lilime linakana. Ndinalandira botolo lija n'kumwa. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti mkakawo unali wozizira, ndipo unandikomera. Ndinaumaliza wonse, misozi ikutsikira m'botolo momwemo. Wina anaseka kuti Amalawi amalira ndi mkaka.

Titaweruka kapitawo anandiimitsa pageti. Anafuna kudziwa ngati mkaka umanditsegula m'mimba. Popeza panalibenso choti nditeteze, ndinamuuza zoona, maso ali pansi. Anavula chipewa, n'kudzikanda m'mutu.

"Manje sunakambe chifukwa chani? Ba mwenye ba mu labu naonso basala. Mukaka wao timasunga mu fuliji, bamatenga pokomboka, poyenda ku nyumba kumazulo. Chaka chilichonse." Anapukusa mutu. "Mwana wosalila amafela mu mbeleko, iwe. Wanichimwitsa."

Ndinayenda wapansi mpaka ku Estates, dera kumene ndinkagona, dzuwa likadali pamwamba pa mapiri, m'mimba muli ndii. Ndinkakhala kwa mayi ena achikulire a mpingo wa Dachi, amene makolo awo anachokera ku Dowa kalekale. Iwo okha ndiwo ankadziwa za kusala kwanga, poti m'nyumba imodzi simubisika kanthu, ndipo chiyambire mweziwo ankandiphikira futali wa mbatata ngakhale sindinawapemphe. Wotchi analibe. Ankaima pakhonde kuyang'anira dzuwa m'malo mwanga.

Tsiku limenelonso ndinawapeza pakhonde, mbale itavindikiridwa patebulo, kapu ya madzi ili pambali. Ndinakhala pampando osavula nsapato. Anandiyang'ana nkhope n'kunena kuti lero ndiye dzuwa lakuzunza mwanawe, pirira pang'ono, latsala chala chimodzi. Ankatchingira maso ndi dzanja, akudikira mosamala kuti ndisataye tsiku langa ndi mphindi imodzi yomwe.

Kenako anatembenuka. "Lalowa, mwanangu. Masula."

Ndinanyamula kapu ija. Dua, pemphero lathu lomasulira, imati ndasala chifukwa cha Inu, ndipo mayiwo anali ataweramitsa mutu kundidikira, monga ankachitira nthawi zonse ndikamapemphera. Ndinainena yonse mpaka kumapeto.