Simbi ya makala ku myuziyamu

Ndikayatsa chitofu kuno ku Croydon, m'dziko la azungu lino, kafungo ka gasi kamandikumbutsa galimoto ina imene bambo anabwereka ndili mwana. Inali ndi mabedi ndi kachitofu momwemo, ndipo tinanyamuka nayo kuchokera kwathu ku Ilford kukaona nyumba zakale za mafumu.

Amayi anali atangofika kumene kuchokera ku Zomba, ndipo dzikoli silinkawakomera. Paliponse pamene taima ankatsalira m'galimoto atafunda bulangete. Koma pa kamyuziyamu kena mvula inasokosa kwambiri padenga la galimotoyo, ndiye anatitsatira.

Tikuyenda mkatimo, anangoti chilili pa bokosi lagalasi.

"Abambo ake, taonani! Simbi ya makala! Akuti ndi yamakedzana, chonsecho yanga ndaisiya dzana lomweli!"

Anaseka mpaka misozi. Mayi woyang'anira malowo atamva nkhaniyo, anatulutsa simbiyo n'kuwapatsa. Amayi anatsegula chivindikiro, n'kuuzira mkati ngati muli makala, kenako anandikoka.

"Tembenuka iwe, malaya akwinyikawa."

Simbiyo inayenda pamsana panga, yozizira, yolemera. Ine ndinkadzipinda ndi chikhakhali, uku kumbuyo kwanga agogo ena achizungu akuvula jekete kuti nawonso awasitire.