Tsiku Limene Laputopu Yanga Inalemba Mayeso m'Babashopu

Anthu a m'boma lino la Nkhata Bay amene anathandizapo kukonza mtima wa makompyuta a dziko lonse lapansi alipo awiri, ndipo mmodzi wa iwo ndi ine. Ndikunena izi modzichepetsa, poti mbiri ikalembedwa molakwika ovutika ndi ana asukulu. Gawo langa pa ntchitoyo linali lokhala pa benchi m'babashopu ina pa Chintheche, ndikukupiza laputopu ndi chidutswa cha katoni. Zotsala zonse anachita ndi msuweni wanga.

Msuweniyo ndi mwana wamkazi wa amalume. Tinapitira limodzi ku koleji ku Mzuzu kukaphunzira za makompyuta. Iye anamaliza. Ine ndi kolejiyo tinasiyana mwamtendere chaka chachiwiri, titagwirizana kuti sitikuyenerana. Ndinapeza ntchito pa loji ina ku Kande, yolandira alendo ndi kuzimitsa n'kuyatsanso intaneti akadandaula. Iye anabwerera kwa amalume, n'kumagwira ntchito ali pakhonde. Kampani ina yakunja inamutenga moyeserera, ndipo ikanamulemba ntchito yokhazikika ikanakhutira naye. Kwa amalume, amene anagulitsa ukonde wawo wabwino kuti mwana amalize sukulu, nkhani imeneyi sinali yoseketsa. Ankaipempherera mokweza ngakhale pa chakudya cha m'mawa.

Ntchito yake inali pa chimene amachitcha kenelo. Ndi pulogalamu imene imakhala pansi pa mapulogalamu ena onse, yogawa zochita m'kati mwa kompyuta. Simuiona, koma ikadwala zonse zimaima. M'kenelomo muli mbali ina yolondola mapazi: mukaiyatsa, imalemba chilichonse chimene kenelo ikuchita, yalowa apa, yatuluka apo, yadikira uyu. Akatswiri amawerenga zimenezo pofufuza matenda. Msuweni anakonza kanthu kena m'mbali yolondolayi n'kutumiza kwa akuluakulu ake a ntchitoyo.

Kumeneko munthu sangokukhulupirira. Ali ndi mayeso odziyendera okha. Ukatumiza chako, makina osiyanasiyana amachiyesa popanda munthu woyang'anira, n'kubweza yankho. Ndipo popeza pulogalamu ikhoza kuuma n'kungokhala mpaka kalekale, mayesowo ali ndi mlonda wake wa nthawi. Amamutcha taimauti. Nthawi yoikika ikakwana mayeso asanathe, mlondayo safunsa funso. Amawadula, n'kulemba kuti alephera.

Loweruka lina ndinafika kwa amalume n'kupeza msuweni ali duu pakhonde, tiyi atazizira pambali.

"Mwamuna wanga wafika," anatero osakweza maso. Ndi mmene timatchulirana pachisuweni. "Wabweretsa chiyani?"

"Nzeru."

"Kazisiye kukhitchini, tiphikira agalu."

Kenako anandionetsa imelo. Pa makina onse akuluakulu mayeso anadutsa. Pa kamakina kamodzi kakang'ono, ka mtundu umene amaika m'zipangizo zotchipa, taimauti inawadula. Mkulu wina woyang'anira mbali imeneyo analemba mwachidule kuti chimene msuweni anakonzacho chikuumitsa kenelo, achichotse kaye. Nthawi yake yoyeserera inali ikupita kumapeto, ndipo ntchito yaikulu imene akanaloza kuti ndachita iyi inali yomweyo.

Ndinaganiza mozama, monga zimatiyenera ife amene tinalawako maphunziro apamwamba.

"Mlondayo ndi wandani?"

"Ndi mzere umodzi m'fayilo."

"Ungausinthe?"

"Ndingapemphe."

"Basitu. Muchotse ntchito mlondayo. Popanda wodula, palibe wolephera. Ndikanakhala nduna ya maphunziro ndikanayambira pomwepo."

Apa ndinkalankhula zimene ndikudziwa. Pa mayeso anga onse a ku koleji, mawu akuti lekani kulemba ankandipeza ndili pakati pa chiganizo chabwino kwambiri.

Msuweni anaseka pang'ono, kenako anapukusa mutu. Anati mlondayo akachoka, tsiku limene kenelo idzaume zenizeni makinawo adzadikira osatha, ndipo palibe adzadziwe. Anatinso kungowonjezera nthawi mwachimbulimbuli ndi kubisa mtembo pansi pa bulangeti n'kumauza anthu kuti wagona.

"Nanga ngati mkuluyo akunena zoona?" anatero. "Ngati ndaumitsadi? Ndikufuna ndidziwe kaye ngati chinthuchi chafa kapena chikungochedwa. Ngati chafa, ndichichotsa ndekha."

Ndinamuyang'ana. Munthu ntchito ili m'khosi, njira yachidule ili poyera, iye n'kumafunafuna umboni umene ukanatha kumumanga yekha. Ine sindinabadwe choncho, koma ndimadziwa kuzindikira ndikaziona mwa ena.

Vuto linali lakuti laputopu yake inali yothamanga. Pa iyo mayeso ankatha mlonda asanatsegule n'diso lomwe. Kamakina kakang'ono kaja kanali kutsidya kwa nyanja zamchere, ndipo sakanakagwira. Pankafunika kompyuta yofooka, yaulesi, yotopa ndi moyo. Ananena mawu amenewa akuyang'ana chikwama changa.

Laputopu yanga ndinaigula kwa mlendo wina wa pa loji amene ankachita manyazi kubwerera nayo kwawo. Ukaiyatsa unkatha kukasamba, kubwera n'kuipeza ikuganizabe. Batire yake inafa kale, moti inkakhala moyo pokhapokha chingwe chili m'soketi. Anzanga a kukhitchini ya pa loji ankaitcha agogo. Tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba, munthu wophunzira anaigwira ndi manja awiri.

"Mwamuna wanga," anatero, "chuma chonsechi unkandibisira?"

Anaikamo kenelo yakale, yopanda chimene iye anakonza, n'kuyambitsa mayeso. Mizere inayamba kutsika pa sikirini mmodzimmodzi, kayeso kalikonse mzere wake. Isanafike n'pakati pomwe, mlonda anadula. Alephera.

Ndinaimirira kuti ndivine. "Waona! Ngakhale popanda zako akulephera. Lembera mkulu uja, umuuze kuti apepese."

"Khala pansi. Taona kuti mlonda amadula msanga pa makina ofooka. Sitinaone kuti zanga zilibe mlandu. Mwina pali matenda awiri."

Anafotokoza kuti mayeso a mbali yolondola mapazi si amodzi. Ndi timayeso tambirimbiri tomangidwa mtolo umodzi, koma mlonda amauwerengera mtolo wonsewo nthawi ya kayeso kamodzi. Chofunika tsopano chinali kuika kenelo yokhala ndi zake, kumuuza mlonda apume kaye pa laputopu yangayi yokha, ndi kuona ngati mtolo wonse ufike kumapeto. Atayatsanso zofufuzira zina zimene zimalemetsa kompyuta, ntchitoyo ikanatenga nthawi yaitali, ndipo magetsi akanati azime pakati, zonse zikanayambiranso. Masiku amenewo magetsi a kwa amalume ankabwera ngati mlendo wodutsa. Ku loji jenereta sankailiza masana. Malo okhawo odalirika amene ndinkawadziwa anali babashopu ya mkulu wina pa Chintheche, amene anali ndi sola padenga, batire lalikulu pansi pa tebulo, ndi mafoni a theka la msika ali ndandanda pa shelefu.

Lolemba lake msuweni anali ndi msonkhano wa pa intaneti ndi a kampani, choncho anapita ku loji kwathu kumene netiweki imagwira. Ine anandituma ku babashopu ndi malamulo. Usaitseke. Usaiyike padzuwa. Mizere ikaima, usathamangire kunena kuti yafa. Dina batani la zilembo zazikulu: kagetsi kake kakayaka, ndiye kuti kenelo ikadali moyo. Ukatero yang'ana nambala ili pakona iyi, imene ikuwerenga mapazi olembedwa. Ikamakwera, ntchito ikuyenda.

"Ndipo usadine china chilichonse. Ndikukudziwa."

"Mwatandala wuli, ada?" ndinapereka moni kwa ometawo.

"Ndatandala umampha. Tikumete?"

"Ayi, ndabwera ndi wodwala, agogo anga awa."

Anandipatsa soketi ya pakona. Ndinayambitsa mayeso monga msuweni anandiphunzitsira, n'kukhala pa benchi. Posakhalitsa laputopu inayamba kutentha ndi kulira ngati minibasi pa chitunda, ndiye ndinang'amba katoni ya sopo n'kuyamba kuikupiza. Anthu odikira kumetedwa anasendera pafupi.

"Muli filimu mmenemo?"

"Ikulemba mayeso."

"Kompyuta kulemba mayeso? Ikakhoza ipita fomu chani?"

Wina wa kabaza, amene anabwera kudzatenga foni yake, anawerama n'kuwerenga mizere ija ngati akuidziwa. "Aka kakhoza. Akanso kakhoza. Achimwene, makina anuwa ndi anzeru kuposa eni ake."

"N'chifukwa chake ndikuwakupiza ine, osati iwo kukupiza ine."

Dzuwa lili pamutu, kunabwera mitambo kuchokera kumapiri. Nthawi yomweyo mizere inaima. Ndinadikira. Sinasunthe. Ndinadina batani lija, kagetsi kanayaka. Ndinayang'ana nambala ya pakona. Inkakwera, koma mwa apo ndi apo, ngati munthu wokwera phiri atasenza chinangwa chonyowa. Ndinaimbira msuweni, foni yake inali yozimitsa chifukwa cha msonkhano.

Kenako inveta ya pansi pa tebulo, imene imatenga moto ku batire kupereka m'masoketi, inayamba kulira tswii, tswii. Ometa anaiyang'ana, n'kuyang'ana ine. Pampando panali bambo wina wachikulire, mkulu wa mpingo, atametedwa mbali imodzi ya mutu.

"Ada, batire latsika," anatero ometawo. "Mashini anga ndi agogo anuwa sangadyere mbale imodzi. Zulani kaye, ndimalize bambowa."

Ndinaimirira, katoni ili m'manja. Ndinawauza kuti ndikazula, zonse zimene yalemba kuyambira m'mawa zipita. Ndinawauza za mwana wa amalume, ndi kuti anthu akunja akuti chinthu chake chafa pamene ife tikuti chikuyenda, ndipo umboni wake ndi kanambala aka. Sindinawonjezere nthabwala ngakhale imodzi, zimene zinadabwitsa ine ndemwe.

Mkulu wa mpingo uja anatembenuka ndi nsalu yake m'khosi. "Mwana wake wa ndani?"

Ndinatchula amalume.

"Amene amakhala pakhonde ndi kompyuta uja? Amaimba alito m'kwaya?" Anasuzumira pa sikirini. "Nambala yake ndi iti?"

Ndinaloza. Tonse tinayang'ana. Inakhala, inakhala, kenako inadumpha.

"Chamoyo ichi," anatero bambowo. "Zimitsani mashini anuwo. Mutu wanga suthawa."

Ometa anadandaula kuti anthu aziti iye ndi amene amameta anthu theka, koma anazimitsa. Anazulanso mafoni angapo pa shelefu, eni ake asakudziwa. M'babashopu munakhala bata la m'chipatala. Wa kabaza anasiya pasenjala panja n'kumalengeza nambala ikasintha. Mkulu wa mpingo anakhala mowongoka, mbali imodzi yosalala, inayo ya imvi, ngati anthu awiri ogwirizana kukhala pampando umodzi. Ine ndinkakupiza.

Mzere watsopano utatuluka, wa kabaza anakuwa ngati chalowa chigoli. Kayeso kochedwa, kamene kanaimitsa mizere kaja, kanali katakhoza. Totsalato tinatsika mofulumirirapo, mpaka mzere womaliza unanena kuti palibe kalikonse kalephera. Ometa anayatsa mashini awo n'kumaliza mutu wa bambowo mosamala kuposa masiku onse.

Msuweni anafika pa kabaza msonkhano utatha. Sanakuwe. Anakhala pa benchi, n'kuwerenga mzere uliwonse kuyambira pamwamba, akuyerekeza nthawi imene kayeso kalikonse kanatenga. Pa kochedwa kaja anaima nthawi yaitali. Mawa lake anabwerezanso kayeso komweko pa kenelo yakale, kuti aone ngati kuchedwako kunabwera ndi iye. Kanachedwa chimodzimodzi. Apo m'pamene analembera mkulu uja.

Ndinaiona imeloyo asanaitumize. Munalibe mawu oti munalakwitsa. Anangoyala zimene anachita, pa makina otani, ndi zimene zinatuluka. Sanapemphe kuti mlonda achotsedwe. Anapempha kuti aziwerengera kayeso kalikonse nthawi yakeyake m'malo mwa mtolo wonse, kuti makina ofooka azipatsidwa mpata koma chouma chizigwidwabe. Ine ndinapempha kuti awonjezere chiganizo chimodzi chokha cholasa. Anakana.

Mkuluyo anayankha patapita masiku. Anakangana naye pang'ono za kutalika kwa nthawi yoyenera, msuweni anayankha ndi manambala a pa laputopu yanga, ndipo pamapeto pake zonse ziwiri zinalandiridwa, chokonza chake choyamba chija ndi kasinthidwe ka mlonda. Mwezi wotsatira kampani inamulemba ntchito. Amalume anapemphera pemphero lalitali kwambiri moti phala linagwira pamwamba.

Pa tsiku la mayeso lija, ometa aja tinakambirana nawo za malipiro mwaulemu. Iwo ankati laputopu si foni, ndipo yanga inadya moto ngati ayironi. Ine ndinkati mtengo wolembedwa pakhoma ndi wa soketi, sunena kukula kwa cholowetsamo. Mkulu wa mpingo, ali pakhomo akupukuta m'khosi, anagamula kuti agogowo awerengedwe ngati mafoni atatu. Ndinalipira K300.