Venus wa Tadala ali pa lendi

Lachiwiri masana ndikuthirira mpiru kuseri kwa nyumba kwathu ku Area 23, anatulukira Tadala, mwana wa mlongo wanga, pa kabaza. Amachokera ku Kawale komwe amaluka tsitsi mu saluni. Moni wake unali wosakoma.

"Ankolo, za Loweruka zija muimitse kaye."

Za Loweruka zake ndi chinkhoswe chake chomwe. Ine ndiye malume wake, ndipo ndinali nditamvana kale ndi akuchimuna, banja la ku Rumphi lomwe linakhazikika ku Area 25 kalekale. Mnyamatayo ndi Vitumbiko, waulemu wake, woimba kwaya. Jekete langa linali litasitidwa kale.

"Wakumenya?"

"Ayi."

"Wamupeza ndi wina?"

"Ayi, Ankolo. Vuto ndi Venus."

Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi chozungulira, chodzaza timizere. "Ndinalowetsa tsiku langa lobadwa. Akuti Venus wanga ali m'nyumba ya Chinkhanira, ndiye ndi wofooka. Banja silingandiyendere."

Ine za nyenyezi sindikhulupirira, ndipo sindibisa. Koma kuseka mwana amene maso ake afiira ndi kulira ndi nkhanza. Ndinamuuza kuti abwerenso Lachinayi, ine n'kukhala pansi kuwerenga kuti nzeru zimenezi zinachokera kuti.

Ndinapeza kuti akatswiri a nyenyezi a zaka mazanamazana zapitazo, Aluya ndi Azungu, ankagawa njira yomwe dzuwa limayenda kumwamba m'zigawo khumi ndi ziwiri. Chigawo chilichonse ankachiona ngati nyumba yokhala ndi mwini wake. Dzuwa analipatsa nyumba ya Mkango, mwezi ya Nkhanu, ndipo mapulaneti asanu omwe ankawadziwa anagawana zotsalazo ziwiriziwiri. Venus, yemwe ife timati nthanda, ndiye ankati woyang'anira za chikondi, ndipo zake zinali nyumba ya Ng'ombe ndi ya Sikelo. Mars, wokonda nkhondo, anatenga ya Nkhosa ndi ya Chinkhanira.

Pulaneti ikakhala kwawo, ankati ili ndi mphamvu zonse, ngati landilodi wotseka geti nthawi yomwe wafuna. Ikapezeka m'nyumba yoyang'anizana ndi kwawo, ankati yafooka, ili kwa eni. Amene anakhalapo pa lendi ku Mgona kapena ku Chinsapo sakufunika kumufotokozera zambiri. Ngakhale kukhoma msomali wopachikapo kalendala, umayamba wapempha.

Ndiye poti nyumba ya Chinkhanira inayang'anizana ndi ya Ng'ombe, Venus wa Tadala ali pa lendi kwa Mars. Nkhani yonse yomwe foni inamuuza ndi imeneyo.

Apa ndiseke pang'ono. Mukudziwa chifukwa chomwe dzuwa analipatsira nyumba ya Mkango? Kwawoko, chakumapeto kwa Julaye ndi mu Ogasiti ndi pomwe kumatentha kwambiri. Kuno Julaye ndi mwezi wa majuzi, mbaula ndi milomo yong'aluka. Saturn, yemwe ankati ndi wozizira, anamupatsa nyumba za mu Januwale, pomwe ife thukuta lili kamukamu m'chimanga. Ndiye mtsikana wobadwira ku Dowa athetse chinkhoswe chifukwa cha nyengo ya dziko lomwe sanalipondemo?

Komabe akuluakulu amenewo ndawapatsa ulemu pa chinthu chimodzi. Sankathera pomwe foni ya Tadala inathera. Akapeza pulaneti ili kwa eni, sankathamangira kunena kuti zaipa. Ankayamba afunsa za mwini nyumbayo. Ali kuti? Ali bwino kapena naye ali pamavuto? Ndipo funso lalikulu: kodi pomwe waimapo akumuyang'ana mlendo wakeyo? Ngati akumuyang'ana, ankati wamulandira, ndipo mlendo wolandiridwa amapeza thandizo ngakhale ali kutali ndi kwawo. Ngati mwini nyumba wayang'ana kumbali, mlendo aziona yekha.

Lachinayi Tadala atabwera, ndinamufotokozera zonsezi, kenaka ndinamufunsa kuti Mars wake anali kuti.

"Foni sinanene zimenezo, Ankolo."

"Chabwino, tisiye za kumwamba. Mukakwatirana mukakhala kuti?"

Anayang'ana pansi. "Ku 25 konko. Kuseri kwa nyumba ya makolo ake kuli kanyumba kena."

"Unagwirizana nazo?"

"Sanandifunse."

Ndipo zinayamba kutuluka. Lamulungu lina atapita kukacheza, mlongo wake wamkulu wa Vitumbiko anamuuza, akumwetulira ndithu, kuti za saluni zidzatha, chifukwa mkazi wa pakhomo pamenepo safika dzuwa litalowa. Tadala saluniyo anaiyamba ndi chipeso chimodzi ndi mpando wobwereka. Makasitomala ena amachokera ku Tsabango kutsata manja ake.

"Nanga Vitumbiko anali kuti?"

"Anali pomwepo."

"Anati chiyani?"

"Amaonera mpira pa foni."

Zinandipweteka, ndipo ndinakwiya. Koma mkwiyo wanga sunali pa banja la ku Area 25. Pakhomo paliponse pali malamulo ake, kaya ndi pa Mchewa kaya pa Mtumbuka, ndipo amuna omwe analawapo chikamwini akudziwa kuti kukhala kwa eni sikusankha mkazi yekha. Ndinakwiya ndi ife amene tinamulera mwanayu. Tinamuphunzitsa kugwada, kulandira ndi manja awiri, kusayankha akulu akamalankhula. Kunena kuti "izi ayi" sitinamuphunzitse.

Ndiye atani? Anakabwereka pakamwa pa Venus.

Musamuseke, chifukwa tonse timatero. Wina safuna ulendo, amati walota zoipa. Wina watopa ndi chibwenzi, amati mneneri wamuonetsa mdima. Achinyamata a lero apeza nyenyezi za pa foni. Ndipo n'chifukwa chiyani timatero? Chifukwa tikudziwa abale athu. Ukati "ndalota," onse amakhala chete n'kuyamba kupemphera. Ukati "sindikufuna," amakufunsa kuti unayamba liti mwano. Maloto timawamvera, mwana wathu wamoyo ayi.

Lachisanu ndinamuitanitsa Vitumbiko. Anafika atapisira malaya, n'kukhala kumapeto kwa mpando. Ndinauza Tadala kuti foni aisiye m'chikwama, alankhule yekha. Ananena zonse: za kanyumba kakuseri, za saluni, za Lamulungu lija.

Mnyamata anatong'ola maso. "Zoona, Ankolo, ine sindinamve kuti asisi ananena zimenezo."

"Vuto lake ndi lomwelo," anatero Tadala.

Vitumbiko sanakangane naye, ndipo pamenepo ndinamukonda. Anangofunsa kuti achite chiyani. Ndinamuuza kuti chinkhoswe ndachiimitsa, ndipo akuchimuna ndiwauza ndekha, popanda kunamizira nyenyezi kapena maliro akumudzi. Anafunsa kuti mpaka liti. Ndisanatsegule pakamwa, Tadala anayankha.

"Mpaka mukawauze asisi anu kuti saluni sindisiya. Ine ndili pomwepo, foni yanu ili m'thumba."

Jekete ndalibwezera m'kabati. Mlongo wanga sakundilankhula, akuti ndamuchititsa manyazi ku mpingo, ndipo nkhuku zomwe anagula zikungodya gaga. Zimenezo ndipirira. Ngati mnyamatayo akalankhule, ndidzavina pa chinkhoswe chimenecho mpaka mawondo adzandikane. Ngati akayang'anenso kumbali, ndiye kuti taona msanga zomwe Tadala akanaziona ali kale kuseri kwa nyumba ya eni.

Pa chithunzi cha m'foni chija, Venus akadali m'nyumba ya Chinkhanira momwe analili tsiku lomwe Tadala anabadwa, ndipo palibe angamusamutse. Koma inu, mwana wanu akadzabwera maso ali ofiira ndi nkhani ya nyenyezi, musadzataye nthawi kuyang'ana kumwamba. Mudzamufunse kuti pansi pompano, pomwe ankamuuza zomupweteka, amene anayang'ana kumbali ndani?