Chisipanishi cha a Arsenio pa Chambe

"Chisipanishi si Chipwitikizi chovala jekete, anyamata inu."

Mawu amenewo ndi a ankolo athu a Arsenio, koma ine ndimawatha kuposa eni ake. Ukweze chala chimodzi, utsinzine diso lamanzere, ukafika pa "jekete" ugwire kolala ngakhale wavala vesiti. Ndikangotero pa Likhubula anthu amagwa nalo phwete, mpaka amayi ogulitsa nanazi. Eni ake akandipezerera amangoti, "Ganizani, pakamwa pakopo padzakugoneka ndi njala," kenako n'kukhala pansi kutiuzanso zomwezo.

Pa Likhubula m'pamene alendo okwera phiri la Mulanje amayambira. Magaidi amawasonyeza njira, ife mapota timawasenzera zikwama. Ine ndine pota. A Arsenio ndi gaidi wamkulu kuposa onse, mutu mbuu, bondo lamanja limalira ngati chitseko cha tchalitchi.

Kwawo ndi ku Milanje, kutsidya kwa malire. Ali kamnyamata anatengedwa pamodzi ndi ana ena kukaphunzira ku Cuba. Amati m'mawa kalasi, masana kuthyola manyumwa, ndipo kumundako n'komwe Chisipanishi chinawalowa bwino, cha kalasi ndi chotukwanira chomwe. Pobwerera anapeza nkhondo. Anathawa ndi amayi awo kudzera ku Muloza, anathyola tiyi ku esiteti mpaka msana unakana, kenako anabwera kuphiri. Kuno anakwatira a Katarina, mayi woweta nkhuku amene amadziwa iliyonse ndi dzina.

Nde vuto linali ili. Chichokere ku Cuba, a Arsenio anali asanachezepo ndi munthu m'Chisipanishi. Alendo athu ambiri ndi Angerezi, Majeremani, a ku Holland. A ku Spain amabwera mwa apo ndi apo, koma pa Likhubula timatsatana ngati pachigayo: gulu likafika, amalitenga ndi amene mzere wamufika, basi. Aspanishi akatulukira, a Arsenio amapezeka ali pamwamba ndi Majeremani, kapena angotsika dzulo lake ndipo ali kumchira kwa mzere.

Mwana wawo Sharon, amene amagwira ntchito ku Limbe, anawatumizira foni yaikulu yokhala ndi maphunziro a Chisipanishi. Aa, tinaona zakuda. Tikadikira alendo pansi pa mtengo, iwo ali ndi aneni. Ine sukulu ndinasiyira sitandade faifi, aneni ndinawasiya komweko, koma ananditsata.

"Tamva iwe Ganizani. Kwa iwowa kukhala kulipo kuwiri. Kukhala kwa phirili, losasuntha, ndi kwina. Kukhala kwa iweyo lero, wanjala, ndi kwina."

"Njala yanga ndi ya phiri, ankolo. Sisuntha."

"Chete. Ndiye pali aneni a zinthu zimene sizinachitike. Zolakalaka, zokayikitsa. Ukamati mwina mvula, ukamati ndikanakhala ndi njinga, mneni amasintha zovala."

"Jekete ija?"

"Chitsiru."

Bryson, gaidi wachinyamata wovala magalasi akuda ngakhale kuli chiperoni, ndiye ankawaputa zenizeni. "Ankolo, ife tidziwa bwanji? Mwina ndi Chipwitikizi cha ku Milanje mwangochipinda pakamwa."

A Arsenio ankaseka nafe. Koma tsiku lina tili awiri, akumanga bondo ndi nsalu, anandiuza motsitsa mawu: "Mbewu ikakhalitsa m'nkhokwe, umadziwa pofesa. Mwina chinafumbwa kalekale m'kamwamu, ine ndikungosunga gaga. Ndikufuna munthu mmodzi yekha andiyankhe, ndidziwe." Limenelo lokha sindinawatsanzirepo.

Ndiye m'mwezi wa Julayi, m'mawa kukuzizira, galimoto inatsitsa alendo atatu. Mayi wa imvi dzina lake Diana, mwamuna wake wamtali ngati mlongoti, ndi mng'ono wake wa mayiyo. Atangoyamba kukangana za zikwama m'chinenero chawo, ndinaona a Arsenio aimirira ngati aitanidwa ku guwa. Foni inagwa m'fumbi osaitola.

"Ndi iwowo," anatero.

Mzere wa magaidi unali pa Bryson. Wa mapota unali pa ine ndi Prince.

"Bryson mwana wanga, tisinthane. Gulu langa likadzafika udzatenge."

"Ankolo, mzere ndi mzere. Munatiphunzitsa ndinu. Ine mwezi uno sindinakwerepo, kunyumba akundiyang'ana ngati mlendo."

Sananame, ndipo a Arsenio sanalimbane naye. Anatembenukira kwa Prince, n'kumukokera kuseri kwa mtengo. Pota akafuna atha kusiyira mnzake malo, zimenezo n'zololedwa. Atabwerera, Prince anali akumwetulira ngati wapata mkazi. A Arsenio anali atagula malowo ndi tambala wa a Katarina, wofiira uja amamutcha Abusa chifukwa amadzutsa mudzi wonse Lamulungu. A Katarina atamva madzulo ake akuti anati, "Akadye Chisipanishicho pa Khirisimasi."

Choncho gaidi wamkulu wa pa Likhubula, amene anasiya kusenza ine ndisanabadwe, anaika chikwama kumsana. Bondo linati kwee. Anawongola chipewa, anayeretsa kukhosi, anayandikira alendo akukonza moni m'kamwa. Alendowo n'kuti akulankhula ndi Bryson m'Chingerezi.

"Mapota patsogolo!" anakuwa Bryson.

A Arsenio anaima chilili. Anali ataiwala. Ntchito yathu imayenda chonchi: pota sayenda ndi alendo. Amatsogola, akafike msanga kunyumba yogona pamwamba, atunge madzi, akoleze moto, alendo apeze tiyi. Komanso pota sayamba mlendo kulankhula, amadikira mlendo amuyambe. Ndipo amene amatikhomerera malamulo amenewa chaka ndi chaka, ndi chala chija m'mwamba, ndi a Arsenio omwewo.

"Ankolo," ndinatero, "tambala wapita."

"Yenda."

Tinakwera njira ya Skyline, yoimirira ija ngati makwerero a padenga. Ine patsogolo, iwo pambuyo akupuma ngati mvukuto, koma pakamwa osatseka. Ankayeserera. Amalonjera mwala, mwala n'kuwayankha ndi mawu aakazi, iwo n'kuufunsa za ulendo. Akalakwitsa mneni amaima, kubwerera pa chiyambi.

"Mwalawo wati bwanji, ankolo?"

"Wati uli ndi mwano."

Tinafika panyumba yogona ya pa Chambe dzuwa litapendeka. Mlonda wa panyumbapo atawaona ndi chikwama anagwira pakamwa. "A Arsenio, mwalakwa chiyani kumunsiko?" Iwo anangotsitsa chikwamacho. Anatunga madzi, anawaza nkhuni, anatsuka makapu mpaka kuwala. Alendo atafika n'kukhala pakhonde akuvula nsapato, iwo anati tiyi apereka okha.

Ndinasuzumira pazenera la kukhitchini. Anayenda bwinobwino, anapinda bondo labwinolo, anaika thireyi, n'kuima pambali manja kumbuyo. Mayi Diana anathokoza m'Chingerezi, n'kupitiriza kucheza ndi mng'ono wake. A Arsenio anaimabe. Anaimabe. Kenako anatembenuka.

"Bwanji?"

"Sanandiyambe."

"Ankolo! Muwayambe inuyo, ndani akumangeni?"

"Lamulo ukaliphwanya mwini wake, mawa Prince adzakhala pakhonde akufunsa mlendo nsapato."

Anakhala pa chitsa pakona, akusisita bondo. Mawa lake tinali otsika. Kukhitchini kunangoti zii, ndipo ine zii sindimutha, amandiyabwa. Mlonda uja anali asanaonepo sewero langa. Ndinatola chipewa cha a Arsenio, ndinachivala, ndinatsinzina diso, chala m'mwamba, mwendo umodzi ndikukoka.

"Ojalá que no llueva mañana, compañeros!"

Zimenezo amanena m'mawa uliwonse akuyang'ana mitambo, akuti n'kupempha kuti mvula isagwe. Mlonda anagwira m'mimba. Ine ndikaona munthu akuseka ndimawonjezera moto. Ndinakwera pa benchi.

"Si yo tuviera rodillas nuevas, subiría corriendo!"

Ndiye kuti ndikanakhala ndi maondo atsopano ndikanakwera chothamanga. Ndinakuwa mpaka thanthwe la Chambe linabweza mawu. Mlonda anasiya kuseka mwadzidzidzi, maso ali kukhomo.

Mayi Diana anali ataima pamenepo ndi masokosi okha, kapu m'manja. Anandiyang'ana, n'kundithira Chisipanishi chambirimbiri, chothamanga ngati matalala padenga la malata, kumapeto kwake kuli funso.

Abale, ine mawu ndimangowanyamula ngati chikwama cha mlendo, zam'kati sindizidziwa. Ndinafufuza m'mutu, ndinapeza aneni a pansi pa mtengo aja.

"Yo cargo," ndinadziloza pachifuwa. "Tú cargas. Él carga!" Chala chinathera pa a Arsenio.

Ine ndimasenza, iwe umasenza, iye amasenza. Mayi uja anaseka mpaka tiyi anatayikira pa sokosi. Koma anatsata chala changa, anayang'ana pakona, n'kufunsa funso lomwe lija pang'onopang'ono.

Wawayamba.

A Arsenio anaimirira. Anafuna kuvula chipewa, anapeza chili pamutu panga. Anatsegula pakamwa, chinatuluka Chipwitikizi. Anatseka. Anatsegulanso, ndikulumbira, chinatuluka Chilomwe cha amayi awo. Thukuta kuli kuzizira konse kuja. Ine mumtima ndinati zoona gaga uja. Kenako anameza malovu, nati:

"Llevo muchos años esperando, señora."

Anadzandiuza pambuyo pake kuti ndiye kuti ndadikira zaka zambiri, koma iwowo zakazo amati ndazinyamula. Mayi uja anaika kapu pansi, anawayankha, iwo anayankhanso, ndipo mpopi unatseguka. Sindinawaonepo a Arsenio otero. Manja m'mwamba, mapewa akuvina, mawu akutuluka a kamnyamata. Ndinangotola Cuba, Milanje, Muloza, Katarina. Mwamuna wamtali uja anabwera, anawerama pakhomo, anakhala pa mulu wa nkhuni. Mng'ono wa mayiyo anabwera ndi mabisiketi. Bryson anabwera kudzaona kumene alendo ake athawira, anavula magalasi kwa nthawi yoyamba chaka chino.

"Akumvana?" anandinong'oneza.

"Kaya. Mwina mayiwa ndi a ku Milanje."

Panali pena anakanganapo. Mayi akuloza a Arsenio, akudziloza, akugwedeza mutu. A Arsenio akukana ndi manja onse awiri.

"Akuti chiyani, ankolo?"

"Akuti ndisiye kuwapatsa ulemu, ndizingoti iwe, kwawo amatero. Mayi wa imvi ndimutche iwe? Ine ndinaleredwa." Ndipo sanasinthe mpaka kutsika.

Mayi uja anawauzanso kuti amalankhula ngati mwana wa sukulu wa ku Cuba, kumeza michira ya mawu, ndipo mawu ena amene amawakonda ndi akalekale, ngati munthu wavala buluku la agogo ake. A Arsenio anatimasulira zimenezo monyadira ngati apatsidwa mendulo.

M'mawa mayi Diana anauza Bryson kuti akufuna atsike akucheza ndi a Arsenio. Bryson anakanda m'mutu, anayang'ana ankolo, ankolo anayang'ana kumwamba ngati nkhani si yawo.

"Potsika kulibe moto wokoleza," anatero Bryson pomaliza. "Ayende nawo. Koma bondo limenelo lisatichedwetse. Ganizani, mapoto ndi zitini za ankolo, onjezera kwako."

"Ine ndalakwa chiyani?"

"Iwe si uja umasenza? Unanena wekha dzulo, m'Chisipanishi."

Tinatsikira njira ya Chapaluka, yotsata mtsinje. Ine patsogolo pang'ono, mapoto akulira ngati ng'ombe ya belu, khutu lili kumbuyo. Ndinaona chinthu chimodzi. A Arsenio akalankhulalankhula, mayi uja amawagwira mkono, amabwereza liwu limodzi. Iwo amaima, amadzimenya pachipumi, amalibwereza, n'kupitiriza. Pakapita kanthawi, chimodzimodzi. Pa Dziwe la Nkhalamba, ena akusambira m'madzi ozizira aja, awiriwo anakhala pamwala akulimbana ndi mneni mmodzi mpaka a Arsenio anavomera kuti wolakwa ndi iwo, osati foni.

Pa Likhubula alendo anatsanzika. Mayi Diana anafuna kuwapsompsona patsaya monga amachitira kwawo, a Arsenio anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka, anthu onse a pamsika akuyang'ana, n'kupereka dzanja atagwira pachigongono. Galimoto inapita. Iwo anakhala pansi pa mtengo wathu uja, anamasula nsalu ya pabondo, bondo litatupa ngati papaya, nkhope ili mwee.

Mapota anasonkhana, Prince ali pomwepo. Ine ndinatsitsa mapoto, ndinatsinzina diso, chala m'mwamba.

"Koma ankolo, tiuzeni zoona, pano palibe mlendo. Mayi aja amakumvani, kapena amangokumverani chisoni poona nkhalamba yasenza? Ine ndinaona akukuimitsani njira yonse ngati apolisi a pamsewu."

A Arsenio anapukuta fumbi pa foni, osandiyang'ana n'komwe.

"Mlendo amene sakukumva amangomwetulira, Ganizani, ngati mmene amachitira ndi Chingerezi chakocho. Ine anandikonza kuchokera pa Chambe mpaka pano. Bweretsa chipewa changa."