Bulu Woyenda Chafutambuyo

Ng'ombe ikathyoka mwendo, amuna amanola mipeni, amayi n'kumatsuka mbale. Bulu akapunduka palibe amene amanola kanthu, chifukwa kuno bulu sitidya. Amangomutsogolera kutchire kuseri kwa njanji, kumuvula chingwe, n'kubwerako osacheuka. Zotsalazo amamaliza ndi afisi. Zimenezi ndinkangozimva ngati nkhani za eni ake, mpaka chaka chimene bulu wa malemu amuna anga anayamba kukoka mwendo.

Kwathu ndi ku Mtakataka, kuno kufupi ndi Golomoti ndinabwera chitengwa. Amuna anga atamwalira, abale awo sanandithamangitse, ndipo pa chimenecho ndimawayamika. Anagwirizana kuti ngolo ndi abulu awiri zikhale zolerera ana, koma woyendetsa akhale alamu anga, akulu awo a malemu. Alamu si munthu woipa. Kungoti sadyetsa chinthu chosagwira ntchito, kaya ndi chiweto kaya ndi mwana wobereka okha.

Mwa abulu awiriwo, wamkazi wotuwa wong'ambika khutu ndiye anali wapamtima wa amuna anga. Anamugula ali mwana, ndipo ankacheza naye ngati munthu, mpaka ine ndinkawaseka kuti ndili ndi mkazi mnzanga m'khola. Iwo atapita, ndinapezeka kuti inenso ndayamba kuyankhula naye pomupatsa madeya.

Matendawo anayamba pang'onopang'ono. M'mawa potuluka m'khola, mwendo wakumbuyo wakumanzere unkangouma gwa, wowongoka, chiboda chikukanda pansi. Ankaukoka choncho kuchoka pakhola kufika pankhokwe, kenako pabondo la m'mwamba lija, loyandikana ndi mimba, pankamveka kuti kho, mwendo n'kupindika, iye n'kumayenda ngati palibe chachitika. Tinkati ndi kuzizira kwa m'mawa. Koma tsiku lina mwendowo unauma ali pakati pa msewu wa tala, ngolo itadzaza njerwa, ine ndili pamwamba pake. Lole inali kubwera kuchokera mbali ya ku Salima, ikuliza hutala. Alamu anakwapula, bulu mnzake anakoka, koma iye anangoima ndi miyendo itatu, maso ali tong'o. Lole inatilambalala mpaka mphepo yake inandivula duku.

Madzulo ake alamu anaima pakhola nthawi yaitali, kenako ananena kuti uyu watha. Ndinawapempha, ndinalira, ndinatchula ndi dzina la mng'ono wawo. Pomaliza anandipatsa malire: thonje likayamba kupita kumsika iye asanabwerere pa goli, apita kuseri kwa njanji.

Adokotala a ziweto ndinawapeza nditawafunafuna masiku atatu. Anabwera pa njinga yamoto, bambo wamfupi wosakonda zoyankhulayankhula. Atapapasa bondolo anandiuza kuti pali kafupa kamene kamakwera n'kukodwa ndi mtsempha, ndiye mwendo umatsekeka. Mankhwala akumwa panalibe, anati, koma opaleshoni yaing'ono yodula mtsemphawo. Ndinafunsa ngati akadula mtsempha mwendo sungolendewera. Iwo anati ayi, mitsempha ilipo ingapo, ina igwira.

Anachitira pansi pa mlambe wa kuseri kwa nyumba, bulu ali chiimire. Anamubaya jakisoni, mutu wake unalemera n'kutsamira pachifuwa panga, mlomo ukulendewera. Ine ndinkati akufa. Sindinayang'ane mpeni, ndinangoika maso pa khutu long'ambika lija n'kumapemphera, koma ndinamva kaphokoso kakang'ono ngati munthu wadula ulusi wa thumba. Bala lake linali laling'ono moti chala chimodzi chikanaliphimba. Atasoka anapaka jivi, mankhwala a zilonda aja, n'kundiuza kuti ntchentche zisatere pamenepo ngakhale imodzi.

Walira mvula walira matope. Masabata atatu ndinakhala mlonda wa chilonda, kutsuka ndi madzi a mchere, kupaka jivi, kuingitsa ntchentche ndi nthambi ya nimu. Tsiku lililonse ndinkanunkhiza pabalapo, mtima uli m'malere, kuopa kumva fungo la mafinya. Alamu anabwera ndi oyilo wakuda wa mu injini kuti tipakepo, monga amachitira pa zilonda za goli, ine ndinabisa botolo lake kudenga. Chilonda chinapola bwinobwino.

Pobwera kudzachotsa ulusi, adokotala anati ntchito yeniyeni ikuyamba tsopano. Ntchafu inali itaphwa chifukwa chokhala, ndipo popanda mnofu wolimba bondolo silikanakhazikika. Ndimuyendetse tsiku ndi tsiku, anatero, makamaka pokwera chitunda, ndipo akafika pamwamba ndimubweze chafutambuyo kangapo. Anandionetsa machitidwe ake: kuima kutsogolo kwake, dzanja limodzi pachingwe, lina pachifuwa, n'kumamukankha pang'onopang'ono. Ndinavomera msanga osaganiza kanthu.

Kuno ndi kwa see, kwathyathyathya, chitunda n'chosowa. Chokhacho chili pafupi ndi cha pa njira yopita kumapiri, ndipo njirayo imadutsa m'mphepete mwa manda, momwe munagona amuna anga. Dzuwa la kuno likakwera, munthu sungayendetse chiweto chodwala, ndiye ndinkapita m'mamawa anthu akungotsegula zitseko. Bulu sakonda kubwerera m'mbuyo, choncho ndinkamunyengerera chapansipansi ndi mawu omwe aja ankamuuza mwini wake.

Ndinali wopusa, ndivomere. Mwana akayenda chafutambuyo timamukalipira kuti akuitanira amake imfa, ndipo akuluakulu amene amayenda choncho timadziwa kuti ndi otani. Tsono taganizani zimene anthu ankaona: mkazi wamasiye, wobwera, m'mamawa, pambali pa manda a mwamuna wake, akubweza bulu chafutambuyo uku akung'ung'udza. Ine ndinkangoona mwendo, umene unali utayamba kuponda bwino.

Ndinayamba kuzindikira pa mjigo. Ndikafika, nkhani zinkatha, ndipo amayi ankandipatsa mpata wotunga msanga ngakhale ndabwera pambuyo. Ulemu wotere ndi woopsa. Ana amene ankabwera kudzasewera ndi anga anasiya. Kenako mwana wa mayi woyandikana nane nyumba anadwala malungo aakulu mpaka anakamugoneka ku chipatala cha ku Mua. Mayiyo ndi amene ndinkabwerekana naye mchere ndi sefa. Atabwera kudzatenga zovala, ndinapita kukamufunsa za mwana, ndipo anandiyankha ali chiimire pakhomo, osandipatsa mphasa.

"Anzanga, ine sindikunena kanthu," anatero. "Koma anthu akufunsa kuti kumanda kuja mumakabweza chiyani. Mwana wanga akapanda kudzuka, sindidzatha kuwagwira manja."

Ndinafotokoza za adokotala, za mtsempha, za ntchafu. Iye anangoyang'ana pansi. Ndinabwerera kunyumba. Ndinali nditaonapo ndi maso anga, m'mudzi wina kufupi ndi kwathu, nyumba ya mayi wokalamba itasanduka phulusa chifukwa cha manong'onong'o ochepa kuposa amenewa. Iye anali ndi abale pamudzipo. Ine ndinalibe ngakhale mmodzi, ndinali ndi ana atatu ndi denga la udzu.

Ndinasiya. M'mawa mwake sindinamutulutse, ndipo mawa linalo chimodzimodzi. Ndinkamupatsa madeya ndi madzi osamuyang'ana kumaso, iye n'kumakankha chitseko cha khola ndi mphuno poti anali atazolowera ulendo. Ndinkadziuza kuti mwana uja akangotuluka m'chipatala ndiyambiranso. Masiku anakwana asanu ndi anayi. Ndinkaopa kutuluka, ndinkaopanso kukhala, chifukwa m'minda thonje linali litayera kale ndipo anthu anali atayamba kutola.

Tsiku lachikhumi adokotala anatulukira osayembekezeka. Atamutulutsa, bulu anayenda mokakamira, bondo litatupa, phazi lakumanzere likutsalira. Anandifunsa kuti ndalekeranji, ndipo nditawauza anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka.

"Mayi, ine mbali yanga ndinatha," anatero. "Mpeni sungamupatse mnofu. Mukamusunga m'khola sabata ina, musadzandiitanenso."

Alamu anali ataima chapatali, ndipo anamva zonse. Njinga yamoto itangochoka, analowa m'nyumba mwawo n'kutuluka ndi chingwe chachitali chija amamangira katundu. Ndinadziwa kumene chingwecho chinkapita. Anati palibe chifukwa chodikira thonje, nyama ikungovutika, ndiponso dzina la banja likuipa. Pamenepo ndinamuona bulu uja m'maganizo, ali yekha kuseri kwa njanji ndi miyendo itatu, akutembenuza khutu long'ambika kumvetsera zobwera m'tchire.

Sindinganene kuti mantha anatha. Anangokumana awiri, ena n'kuposa anzake. Ndinagwira chingwe chachifupi chimene chinali kale m'khosi mwake ndisanaganize bwino, n'kuwauza alamu kuti andipatse tsiku limodzi lokha. Sindinalowere kumanda. Ndinalowera ku mjigo, dzuwa lili pamutu, nthawi imene amayi amadzazana kuchapa.

Pafupi ndi mjigo pali kamtunda ka dothi limene linatsala pokumba, kosafika ngakhale m'chiuno. Ndinamukweza pamenepo, ndinaima kutsogolo kwake, dzanja pachifuwa. Mjigo unasiya kulira. Ndinayankhula mokweza, mawu akutuluka osakhala anga.

"Amayi, onani zimene ndimachita kumanda zija. Ndi izi. Bondo lake ndi ili, pamene anasoka ndi apa. Amene akufuna abwere agwire."

Palibe anasuntha. Ndinakankha, bulu anakana. Ndinakankhanso, iye anangoimika makutu, kenako anatsegula kukamwa n'kulira kulira kwake konyansa kuja, kwautali, pamaso pa anthu onse. Mayi wina wachikulire anaphulika kuseka mpaka anagwira ndowa. Ena awiri anamutsatira. Ambiri sanaseke, ndipo ndinkawaona bwinobwino amene sanasekewo.

Ndiye ndinamva munthu akundilanda chingwe. Anali alamu, amene anali atanditsatira, chingwe chawo chachitali chili paphewa. Anandikankhira pambali n'kunena kuti mkazi sadziwa kubweza bulu. Anaika dzanja pachifuwa pake, analiza lilime monga amachitira pobweza ngolo, ndipo bulu anabwerera, phazi limodzi, lachiwiri, mpaka pansi pa kamtunda. Anamukwezanso, anamubwezanso, maso ali pabondo. Mpaka lero sindidziwa ngati anachita zimenezo pondimvera chisoni kapena ankangoyesa ngati katundu angagwirenso ntchito. Koma anali mwana wa mudzi uno akubweza bulu chafutambuyo masana, ndipo palibe akanamuloza chala. Pobwerera anangonena kuti kuyambira mawa tizipita kuchitunda dzuwa litatuluka, ndipo azipita nawo.

Mwana wa mnzanga uja anachira. Amake amandipatsa moni, timabwerekananso sefa, koma za tsiku lija sitinazikambepo, ndipo ine ndikaona mwana aliyense wa pamudzi pano akudwala, mtima umayamba kuthamanga. Bulu sanapite kuseri kwa njanji. Anabwerera pa goli thonje lili kumapeto, akukoka katundu wopepuka, ndipo mwendo sunaumenso gwa ngati kale.

Koma kutsimphina sikunathe. Phazi lakumanzere limafika mochedwa pang'ono, moti ngolo ikamabwera ndimaizindikira ndili m'nyumba, ziboda zina zikugunda pamodzi, chimodzi chikutsalira. Adokotala anandiuza kuti abulu ena amatsala choncho ngakhale utawayendetsa tsiku lililonse, ndisadziimbe mlandu. Mwina akunena zoona. Koma ine ndinaliona phazi limenelo likuponda bwino ndisanasiye. Alamu akamumasula, bulu uja amabwerabe kudzatsamiritsa mutu pachifuwa panga, osadziwa kuti kwa masiku asanu ndi anayi ndinali nditamupereka kale kwa afisi, ine ndemwe.